Gule wa pachilumba amakhala moyo ndi mpikisano

Munthu wa mu Lusaka akamva kuti mnzake kwawo ndi ku Likoma, kapena ku Chilubi pa nyanja ya Bangweulu, funso loyamba limakhala la nsomba. Lachiwiri silichedwa kubwera: "Nanga dzuwa likalowa mumachita chiyani kumeneko, achimwene?" Amafunsa ndi chifundo chenicheni. Kwa iye chisangalalo ndi chinthu chokhala ndi geti komanso munthu wolandira ndalama pagetipo: kanema ku Manda Hill, oimba ku Showgrounds, mpira ku Heroes Stadium, kapena malo omwera mowa a pakona omwe sipika yawo imagwedeza malata a nyumba zoyandikana. Kumalo kopanda zonsezi amaganiza kuti anthu amangodya nsima n'kukagona.

Chifundocho chasochera. Pa nkhani ya zosangalatsa, kachilumba kakang'ono kali ndi chinthu chimene ife a m'makomboni muno tinali nacho n'kuchitaya. Sindikunena mphepo ya kunyanja, kapena "mwambo wa makolo" umene timakonda kutchula tikagwira chimkuzamawu. Ndikunena gulu la gule lokhala ndi mayina a mamembala m'buku, msungichuma, tsiku lokonzekera, komanso gulu lina kuseri kwa phiri lomwe lalumbira kuti chaka chino liwachititsa manyazi.

Likoma ndi kadziko ka masikweya kilomita 18 okha, kamiyala, milambe ndi mitengo ya mango. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira pang'ono 14,500 pa Likoma ndi Chizumulu pamodzi, chiwerengero chomwe chikhoza kulowa mu Kanyama, komboni imodzi ya mu Lusaka, osaoneka n'komwe. Zilumba ziwirizi ndi za Malawi koma madzi ozizungulira ndi a Mozambique, moti ukaima kugombe la kum'mawa umaona bwinobwino mapiri a ku Cobue. Kwa anthu wamba njira yodalirika yofikirako yakhala sitima ya Ilala, imene yayenda panyanjapo kuyambira 1951, kukocheza kamodzi popita kumpoto ndi kamodzi pobwerera sabata iliyonse, ikakhala kuti ili bwino.

Tsiku la Ilala palokha ndi chionetsero. Kwa zaka zambirimbiri sitimayo inkaima pakati pa madzi, anthu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono pamodzi ndi matumba a ufa, malata, makatoni a sopo ndi njinga, agogo ena atanyamulidwa pamsana kuti chitenje chisanyowe, kwinaku matumba a usipa wouma akukwera. Wopanda chochita amapita kugombe, ndipo wokhala ndi chochita amapeza chifukwa chopitira. Pomafika madzulo chilumba chonse chadziwa amene wabwera ndi mkazi watsopano ndi amene wabwera chimanjamanja. Koma Ilala imabwera n'kupita. Masiku otsalawo ndi a eni chilumba okha, ndipo mwera ukakalipa m'miyezi yozizira ngakhale bwato la injini limagona pamchenga. Palibe woimba wa ku Lilongwe amene adzawolokere kudzawachotsa kusungulumwa. Ndiye amadzipangira okha: bawo patsinde pa mlambe, makwaya, mpira wa midzi, chioda cha amayi, ndi malipenga.

Pa malipenga mpomwe ndikufuna kukhalitsa. Gule ameneyu ndi wa amuna, ndipo anabadwa anthu ataonera perete wa asilikali a atsamunda, makamaka pamene amene anapita ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918 anabwerera kwawo. A ku Lundazi akumudziwa mbale wake, mganda. Gulu lililonse la malipenga limatchedwa boma, ndipo lili ndi maudindo ake: mfumu yomwe amaitcha kingi, wotsogolera mizere wokhala ndi wezulo pakamwa, dokotala, anamwino. Lipengalo si lamkuwa. Ndi chipanda chouma chakhosi lalitali, chobooledwa pambali poika mlomo, ndipo kunsonga yaing'ono amamatako kanembanemba kopyapyala. Akale ankamata kansalu koyera ka kangaude kamene timakapeza pazipupa. A lero ena amadula kapepala ka pulasitiki. Munthu sauziramo mpweya, amaimbiramo ndi kukhosi, kanembanembako n'kumanjenjemera. Zipanda zazing'ono zimalira mokweza, zazikulu zimabangula pansipansi, ng'oma yaikulu n'kumagunda kumbuyo, ndipo phokoso lonselo limamveka mudzi wachitatu.

Ovina amalowa m'bwalo atavala kabudula ndi malaya ositidwa mpaka mzere kuthwa, masokosi ofika m'mawondo, nsapato zopukutidwa, tayi, kampango m'dzanja. Sathamanga. Mwendo umanyamuka pang'onopang'ono, mzere wonse pamodzi, nkhope zosaseka, ndipo phazi limatera mosamala kuti lisautse fumbi. Wovina bwino amatuluka m'bwalo malaya ali mbee monga analowera. Amalume anga, amene anabadwira ku Likoma n'kudzakalambira ku Matero, ankandiuza kuti, "Mphwanga, kuvinako sikunkatiopsa. Chinkatisowetsa tulo n'chakuti atsikana a mudzi winawo adzakhala akuyang'ana mapazi athu, ndipo ukaphonya kamodzi adzakuimba chaka chonse."

Mawu amenewo ndiwo mtima wa nkhaniyi. Boma silivina lokha. Limaitana boma lina, kapena limaitanidwa, ndipo oitanawo ayenera kudyetsa alendo awo, kuwapezera pogona, kuwatungira madzi osamba. Chaka chinacho ngongole imabwezedwa. Chifukwa cha tsiku limodzi limenelo telala amapeza ntchito ya milungu ingapo, asodzi amapatula nsomba, amayi amasinja chinangwa cha kondowole, wopeka nyimbo amakhala tcheru kumvetsera zochitika kuti apeze poyambira, ndipo mnyamata amene akanakhala pa mowa amathera madzulo ake pa mzere, akukalipiridwa ndi mkulu wa wezulo. Oweruza ndi khamu lomwelo, anthu amene anaona atate ake a wovinayo akuvina ndipo sangapusitsidwe. Nyimbo za chioda nazo sizinyengerera. Mwamuna wothawa banja, wamalonda wokweza mtengo wa mchere, onse amadzimva okha m'bwalo popanda kutchulidwa dzina. Chotsani boma lopikisana nalo, zonsezi zimagwa tsiku limodzi, chifukwa palibenso wosokera yunifomu yatsopano kapena kupekera nyimbo yatsopano.

Wina anganene kuti izi ndi za ku Malawi, ife sizikutikhudza. Zikutikhudza kwambiri, pakuti gule wotchuka wa m'tauni za Zambia anachokera pa kachilumba. J. Clyde Mitchell, amene anafufuza za gule ameneyu, kalela, ku Luanshya n'kusindikiza zomwe anapeza mu 1956, analemba zimene ovinawo anamuuza: kuti gule wawo anayambitsidwa ndi munthu wina dzina lake Kalulu cha m'ma 1930 pa chilumba cha Chishi, pa nyanja ya Bangweulu. Kuchokera pa kachilumbako kalela anafika ku migodi. Kumeneko ankavinidwa Lamulungu masana m'komboni, ng'oma zake zopangidwa ndi migolo ya mafuta yokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe. Ovinawo ambiri anali anyamata ogwira ntchito zamanja zolipidwa pang'ono, koma m'bwalo ankalowa ndi mathalauza ositidwa, nsapato zonyezimira ndi kampango koyera m'dzanja. Analinso ndi kingi wawo, dokotala wovala zoyera, ndi namwino woyenda ndi galasi kuti wovina aliyense adziyang'ane ngati akadali waudongo. Munthu amene sabata yonse ankaitanidwa ndi nambala, Lamulungu ankakhala ndi dzina, udindo ndi anthu omuonera. Chimene chinawoloka nyanja kuchokera ku Chishi sichinali kaponyedwe ka mwendo kokha. Chinali dongosolo lonse la gulu, ndipo dongosololo linagwira ntchito m'tauni monga linkagwirira pachilumba.

Likoma nayo inatumiza zake kuno. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anakhazikika pachilumbacho mu 1885, ndipo mu 1903 anayamba kumanga tchalitchi chachikulu cha St Peter's pamalo otchedwa Chipyela, chimene mpaka lero chimadabwitsa aliyense wotsika Ilala. Bishopu woyamba wa Anglican m'dziko lino, John Hine, amene anafika mu 1910, anali atakhalapo bishopu wa Likoma. Wansembe Leonard Kamungu, mwana wa kugombe la kum'mawa kwa nyanjayo, anadzagwira ntchito ku Msoro, kum'mawa kwa Zambia, n'kumwalira komweko mu 1913. Pambuyo pawo panabwera aphunzitsi, akalaliki ndi amisiri ophunzira pachilumba, ndi kaimbidwe kawo ka m'kwaya. Amene amaganiza kuti chilumba ndi kumathero kwa msewu aiwala kuti zinthu zambiri zinayambira kumeneko kubwera kuno.

Tsopano pali zotsutsa, ndipo sizopepuka. Choyamba n'chakuti munthu wokhala mu Lusaka, wokhala ndi magetsi ndi intaneti, n'kosavuta kuti atamande moyo umene iye sangaupirire mwezi umodzi. Pachilumba pali umphawi. Nthaka ndi yochepa ndi yamiyala, ufa wambiri umachokera kumtunda, ndipo wodwala kwambiri amadikira bwato. Kuchepa kwa malo kumene kumachititsa kuti aliyense akhale ndi gawo m'bwalo ndi komwenso kumachititsa kuti mtsikana amene walakwitsa kamodzi asapeze pobisala. Nyimbo yodzudzula ikagwera munthu wosalakwa imapweteka zaka. Ndipo mnyamata wa zaka 19 wa ku Chizumulu ali ndi ufulu wonse wofuna kuonera mpira wa ku England pa kanema, kumvera amapiano pa foni, ndi kulota zopita ku Johannesburg. Amene angamuuze kuti akhale pamchenga kusunga chikhalidwe kuti ife tidzachipeze tikadzabwera pa holide ndi wodzikonda.

Zonsezi ndikuvomereza, ndipo sizigwetsa mfundo yanga. Malipenga enieniwo anali zachilendo za nthawi yawo. Anyamata anaona zovala ndi mayendedwe a asilikali, anazikonda, anazitenga n'kuzipanga zawo ndi zipanda za m'munda. Gule wobadwa motero sangaope foni. Lero boma likavina, kanema wake amafika pa WhatsApp kwa ana a pachilumba okhala ku Mzuzu, ku Lusaka ndi ku Cape Town tsiku lomwelo, ndipo amene waona kuti masokosi a mudzi wake atha mtundu pomwe a mudzi winawo ndi atsopano sachedwa kutumiza kangachepe. Foni yakulitsa khamu la oweruza odziwa. Magetsi afike paliponse, netiweki ikhale yamphamvu, malo oonetsera mpira achuluke. Mnyamata yemweyo akhoza kukuwira Arsenal Loweruka n'kukaima pa mzere Lamulungu.

Choopsa chenicheni chimabwera mwaulemu, chitanyamula envulopu. Ndi tsiku limene boma limayamba kuvinira anthu osadziwa gule. Malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja amafuna kuti alendo awo aone "chikhalidwe" asanadye chakudya chamadzulo, ndiye amaitana amuna asanu ndi atatu kwa mphindi makumi awiri. Wandale akamabwera, akuluakulu a chipani amafuna fumbi ndi ng'oma pabwalo la ndege. Ndalama imaperekedwa, ndipo sindinyoza ndalama. Ovinawo ali ndi ana a sukulu. Koma mlendo amaombera m'manja chilichonse. Sadziwa kuti wachitatu pa mzere wachedwa, sadziwa kuti nyimboyo ndi ya zaka zisanu zapitazo, samva amene akunyogodoledwa. Wandale ndiye sayang'ana n'komwe, akuwerenga zimene akalankhule. Ovina akazolowera khamu lotere, kukonzekera kwa milungu kumasanduka kutaya nthawi. Gule amafupika, nyimbo zimakhala zomwezomwezo, za kutamanda basi. Kenaka pamabuka mkangano wa envulopu: anaitanidwa ndani, anasiyidwa ndani, msungichuma analandira zingati. Boma limene linapirira njala ndi mwera likhoza kupasuka ndi ndalama ya usiku umodzi. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo gule amene wakonzedwera mlendo amakamuka naye limodzi.

Ife a mu Lusaka tisaloze chala kutali, chifukwa njira imeneyi tinaiyenda kale. Gule wathu wambiri tsopano timamuonera pa zochitika za boma la dziko, pa maukwati a anthu olemera, ndi ku Kabwata Cultural Village. Ku Kabwata kuli amisiri aluso ndipo ndi bwino kuti malowo anasungidwa, koma ndi malo okonzedwera wobwera kudzaona ndi kugula. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO, bungwe la United Nations loona za chikhalidwe, monga chuma cha dziko lonse lapansi mu 2005, kalela mu 2022, ndipo tinanyadira moyenera. Koma mwana wobadwira ku Mtendere akhoza kufika giredi 12 asanaonepo magulu awiri a kalela kapena a chimtali akulimbana pabwalo la kwawo. Kumapeto kwa Ogasiti timadzaza mabasi pa Great East Road kupita ku Mkaika, ku Katete, kukachita Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndipo kumeneko mtima umakhuta. Tikabwerako timapinda chitenje cha mwambo n'kuchiika m'sutikesi mpaka chaka chamawa. Tsiku limodzi pa chaka, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera pakhomo, silingalere mwana.

Chaka cha 2024 chinatiulula. Chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ochuluka kuposa amene ankayaka, ndipo m'nyumba zambiri madzulo munalibe chochita koma kuyang'ana foni ikutha moto. Funso lija timafunsa a pachilumba linatigwera eni ake. Komabe taonani zimene sizinaime. Makwaya sanaleke kukonzekera, chifukwa chikondwerero cha makwaya chinali pafupi ndipo a mpingo wa uko anali atasoketsa kale yunifomu. Amayi oimba ng'oma pa chilanga mulilo, mwambo wopititsa zakudya kwa mkwati ukwati usanachitike, ndi pa kitchen party sanasowe ntchito. Mpira wa amadala wa Lamulungu m'mawa sunaphonye. Zonsezi zili ndi mamembala, zopereka za pamwezi, tsiku lodziwika, ndi ena ofuna kuwaposa. Ndi maboma a malipenga ovala zina. Choncho nkhani yoti anthu a m'tauni ndi otanganidwa, kapena kuti mitundu yachuluka moti sitingagwirizane, ndi yabodza. Ku Luanshya mitundu inali yochuluka chimodzimodzi, ndipo kalela ankaimba za mitunduyo, kuiseka ndi kuitchula mayina, anthu n'kumasonkhana kudzamva.

Chimene chatisowa ndi bwalo. Pachilumba, ngakhale nthaka ndi yochepa chotere, mudzi uliwonse uli ndi malo amene aliyense amadziwa kuti apa ndi povinira, ndipo palibe angamangepo. Muno malo ambiri amene anasiyidwa kuti ana azisewererapo anadulidwa mapuloti, ena ndi otsukirapo magalimoto, ena azunguliridwa ndi mpanda wa njerwa. Maholo a m'makomboni amene alipo amalipiritsa, ndipo Lamulungu amakhala atatengedwa kale. Gulu la achinyamata lofuna kuyamba gule liyenera kupempha bwalo la sukulu kwa ahedi amene akuopa mawindo awo. Likapeza malo, woyandikana nawo amaitana apolisi chifukwa cha ng'oma, munthu yemweyo amene amagona bwinobwino sipika ya pamowa ikulira mpaka mbandakucha. Izi zimandipweteka, chifukwa m'makomboni muno muli akuluakulu ochokera ku Chadiza, ku Samfya, ku Nkhata Bay, amene miyendo yawo ikukumbukirabe, ndipo akupita kumanda mmodzimmodzi popanda wowafunsa.

Ndiye pempho langa kwa amene amagwira thumba la zachikhalidwe, kuno ndi kutsidya kwa malire a Mwami, ku Malawi, ndi lakuti asinthe kumene ndalama imapita. Pachilumba asayambe ndi nsanja ya zikondwerero, mahema ndi mipando ya alendo olemekezeka. Ayambe ndi mafuta a bwato, kuti boma la ku Chizumulu likafike ku Likoma, la ku Likoma likafike ku Nkhata Bay kapena kuwolokera ku Cobue, ndipo a kumeneko adzabweze ulendo. Aonjezepo nsalu ya yunifomu ndi chikopa cha ng'oma, zotsalazo eni ake amadziwa. Eni malo ogona alendo, ngati akufunadi kuthandiza, auze alendo awo tsiku la mpikisano, awaperekeze kubwalo, akakhale pansi kumbuyo kwa ana monga wina aliyense, ndipo chopereka chawo chilowe m'buku la boma pamaso pa mamembala onse. Mlendo woteroyo adzaona gule weniweni, wautali, wotopetsa, wokhala ndi mkwiyo ndi nthabwala zimene adzafunika womumasulira.

Kuno ku Lusaka pempho ndi laling'ono kuposa apo. Khansala aliyense atchule bwalo limodzi m'wadi yake limene silidzagulitsidwa, lilembedwe, ndipo Lamulungu kuyambira 2 koloko masana likhale la magule, popanda kulipira ndi popanda chipani. Magulu oyambira alipo kale. Mabungwe athu othandizana pamaliro, a anthu ochokera dera limodzi, ali ndi mabuku a mayina, asungichuma okhulupirika ndi misonkhano ya pamwezi. Chimene sanayesepo ndi kusonkhana popanda bokosi pakati. A kwa Kawaza okhala ku Chawama atumize kalata kwa a ku Lundazi okhala ku Garden, yonena tsiku, malo, ndi kuti nsima idzakhalapo. Kalata yoteroyo munthu sangaikane popanda kusekedwa, ndipo akangoilandira ayenera kupeza ng'oma, kufunafuna mkulu amene akukumbukira mapazi, ndi kuitana ana awo amene sanavinepo kuti adzadzaze mzere.